Musadikire Kuti Izime Panjira: Nthawi Yosinthira Mapulagi a Injini



Uthenga wa maliro unatipeza titangotuluka mumzikiti pa swala ya Subuhi. Amalume athu, mlongo wawo wa amayi athu, anali atatisiya usiku womwewo kumudzi kwawo cha ku Namwera, ndipo akuluakulu kumeneko anagwirizana zoti ulendo wa kumanda ukhalepo ikangotha swala ya Dhuhr. Monga mukudziwa, ife Asilamu sitichedwetsa maliro. Tinagula sanda pa Mangochi Boma, tinakweza amayi ndi alongo athu awiri, n'kuwoloka mlatho wa pa Shire nthawi ikadalipo yambiri.

Kunena zoona, galimoto yathu inali itayamba kudandaula kwa miyezi iwiri. M'mawa inkavuta kulira, ikaima inkanjenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo petulo ankatha msanga kusiyana ndi kale. Ife tinkangoti tidzaionetsa mwezi ukatha. Tsikulo titayamba kukwera phiri la Chowe, inayamba kudukizadukiza. Tinatsitsa giya, tinaponda moto, koma mphamvu munalibe. Pa khona lina inangozima, osaliranso.

Amakaniko ena achikulire anatipeza panjinga yamoto patatha maola awiri. Atatsegula boneti anamasula mapulagi onse anayi n'kuwayala pamwala. Awiri anali bii ndi mwaye, ndipo ena awiriwo tizitsulo ta kunsonga tinali titaperepeseka. Anatiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, mapulagi awa munawasintha liti?" Tinalibe yankho, pakuti chigulire galimotoyo sitinawaonepo n'komwe. Anabwerera pa Boma kukagula ena, ndipo m'mene tinkafika kumudzi n'kuti anthu akuchokera kumanda. Amayi sanatidzudzule ngakhale ndi liwu limodzi. Anangolowa m'nyumba ya siwa n'kukhala pansi. Kukhala chete kwawoko kukutiwawabe mpaka lero.

Tikukhulupirira kuti palibe chimene chimachitika popanda chifuniro cha Allah. Koma tinaphunziranso kumadrasa, m'hadisi yopezeka m'buku la Imam Tirmidhi, za munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad (Sallallahu alaihi wa sallam) ngati amange ngamira yake kapena angoisiya n'kuyedzamira mwa Allah, ndipo analangizidwa kuti aimange kaye kenako ayedzamire. Ife ngamira yathu sitinaimange. N'chifukwa chake tati m'kope lino tikambirane za kachitsulo kakang'ono aka, komwe ambiri a ife timakakumbukira pokhapokha katatigoneka panjira.

NTCHITO YA PULAGI

M'kati mwa injini ya petulo muli zibowo zotchedwa masilinda, ndipo m'silinda iliyonse muli pisitoni yomwe imakwera ndi kutsika. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo. Ikakwera imaupanikiza mpweyawo. Pamenepo pulagi imathetheka kamoto, petulo uja n'kuyaka mwamphamvu ndi kukankhira pisitoni pansi. Kukankha kumeneku ndiko kumayendetsa mateyala. Kenaka pisitoni imakweranso kutulutsa utsi, ntchito n'kuyambiranso. Kayendedwe ka magawo anayi aka kanakhazikitsidwa ndi Nikolaus Otto wa ku Germany m'chaka cha 1876, ndipo mu 1902 Gottlob Honold, yemwe ankagwira ntchito kwa Robert Bosch, anakonza njira yodalirika yoperekera moto wamphamvu ku pulagi.

Batire la galimoto lili ndi mavoti 12 okha. Chipangizo chotchedwa koyilo ndicho chimachulukitsa mphamvuyi kufika pa mavoti 20,000 kapena kuposa, kuti moto uthe kudumpha kampata ka pakati pa kachitsulo kapakati ndi kachitsulo kopindika ka kunsonga kwa pulagi. Kampataka kamakhala pafupifupi milimita imodzi. M'galimoto zambiri ndi pakati pa 0.7 ndi 1.1.

Taonani kukula kwa ntchito yake. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, monga imachitira pa ulendo wabwinobwino, pulagi iliyonse imathetheka ka 1,500 pa mphindi, kutanthauza ka 90,000 pa ola. Pa ulendo wa maola atatu wochoka ku Mangochi kupita ku Blantyre, pulagi imodzi yathetheka ka 270,000. Kuthetheka kulikonse kumanyotsola kachidutswa kosaoneka ndi maso ka chitsulo. Pang'ono ndi pang'ono nsonga zija zimabuntha, mpata n'kukula, ndipo moto umayamba kulephera kudumpha, makamaka pamene injini yalemedwa, monga pokwera phiri ndi katundu. Izi ndizo zinatichitikira pa Chowe.

Dziwaninso kuti injini za dizilo zilibe mapulagi a mtundu uwu. Dizilo amayaka yekha ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Zomwe zili m'menemo ndi mahita, omwe ntchito yake ndi kutenthetsa injini isanalire. Tsono wina asakuuzeni kuti lole yanu ya dizilo kapena chigayo chanu chikufuna mapulagi a moto.

KUWERENGA MAKILOMITA

Njira yoyamba yodziwira nthawi yosinthira mapulagi ndi kuwerenga mtunda womwe ayenda. Mwini mawu pankhaniyi ndi buku la galimoto yanu, chifukwa mainjini ndi osiyana. Komabe pali mlingo womwe ungatithandize.

Mapulagi wamba, a nsonga yonenepa ya nickel ndi kopa m'kati, ndi otsika mtengo koma sakhalitsa. Ambiri amafunika kusinthidwa pakati pa makilomita 20,000 ndi 30,000. Mapulagi a platinum ndi a iridium ali ndi nsonga yowonda ngati singano, ya chitsulo chosaperepeseka msanga, ndipo amatha kufika makilomita 100,000. Koma apa pofunika kusamala. Alipo ena olembedwa kuti iridium omwe chitsulo cholimbacho chili pa kachitsulo kapakati kokha, kopindika kaja kali kawamba. Amenewa nthawi yawo siisiyana kwenikweni ndi ya mapulagi wamba. Okhalitsa ndi omwe ali ndi chitsulo cholimba mbali zonse ziwiri.

Tigalimoto ta injini yaing'ono ya 660cc, monga Daihatsu Mira ndi Suzuki Alto, timatha mapulagi msanga kuposa galimoto zikuluzikulu, chifukwa injini yake imazungulira kwambiri kuti iyende mtunda womwewo. Ngati muli mapulagi wamba, ndi bwino kuwaona akamayandikira makilomita 10,000.

Tiwerengere limodzi. Mbale wathu amene amanyamula anthu pa Sienta kapena Probox, n'kumayenda makilomita 200 patsiku kwa masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amakwanitsa makilomita 20,000 m'miyezi inayi yokha. Pamene bambo amene galimoto yawo amangopitira kuntchito, ku Jumu'ah ndi kukaona abale, mwina zingawatengere zaka ziwiri kuti afike pamenepo. Tsono musatengere mnzanu. Aliyense awerenge mtunda wake.

Vuto lomwe ambiri tili nalo ndi lakuti galimoto zathu tinagula zitagwirapo kale ntchito ku Japan kapena kwa munthu wina. Buku lake mwina linasowa, mwina lili m'chilankhulo chomwe sitingathe kuwerenga, ndipo sitidziwa kuti mapulagi omwe alimo anaikidwa liti. Langizo lathu ndi lakuti mukangogula galimoto yotere, pa sevisi yoyamba pemphani amakaniko amasule mapulagi muwaone ndi maso anu. Kenaka gulani kakope kakang'ono kokhala m'galimoto momwemo, muzilembamo tsiku, makilomita ndi nambala ya mapulagi omwe mwaika. Mutu umaiwala, koma kope siliiwala.

Funsaninso kuti injini yanu imalowa mapulagi angati. Zambiri ndi anayi, koma Passo ndi Vitz za injini ya lita imodzi ya masilinda atatu zimalowa atatu. Honda Fit zina zakale zili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, onse pamodzi asanu ndi atatu, ndipo anayi mwa iwo ali kumbuyo kwa injini komwe saoneka msanga. Alipo amene amasintha akutsogolo okha n'kumadabwa kuti galimoto ikudukizabe. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

GALIMOTO IMALANKHULA

Njira yachiwiri ndi kumvetsera galimoto. Mapulagi safa mwadzidzidzi, amayamba achenjeza. Mukaona kuti m'mawa sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini ikuchedwa kulira, ganizirani mapulagi. Mukaona kuti galimoto ikaima injini ikulira chiwongolero ndi mipando zikunjenjemera, kapena poponda moto ikudukiza, zomwe amakaniko amati ikumisa, ndiye kuti silinda ina siikuyaka nthawi zonse. Chizindikiro china ndi kuchepa mphamvu pa zitunda zomwe kale munkakwera mosavuta, ngati za ku Golomoti kapena za pamsewu wa Salima kupita ku Lilongwe. China ndi petulo kutha msanga ndi fungo la petulo wosapsa ku ekizozi.

Galimoto zamakono zili ndi kanyali pa dashibodi kooneka ngati chithunzi cha injini. Kakayaka, pitani mukapimitse. Koma kakamaphethira, ndiye kuti injini ikumisa kwambiri, ndipo simuyenera kupitiriza ulendo wautali. Petulo wosapsa uja amakapsera mu catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chomwe chili pa paipi ya ekizozi, ndipo chikasungunuka mtengo wake umaposa wa mapulagi kambirimbiri. Nayonso koyilo imapsa msanga ikamakakamizidwa kudumphitsa moto pa mpata waukulu. Munthu amene akuumira ndalama ya mapulagi amadzalipira ya makoyilo.

Komabe tisanamizire mapulagi chilichonse. Zizindikiro zomwezi zimatha kubwera chifukwa cha koyilo yofooka, mawaya a mapulagi ong'aluka, sefa ya petulo yotsekeka kapena petulo woipa. Ndiye kuti tidziwe zoona, pamafunika njira yachitatu.

PULAGI NDI MBONI

Pulagi ndi chinthu chokhacho chomwe chimakhala m'kati mwa moto wa injini koma n'kutheka kuchitulutsa mosavuta. Choncho imachitira umboni za zonse zochitika m'katimo, ngati tikudziwa kuiwerenga.

Nsonga ikakhala youma, yotuwa kapena yofiirira pang'ono ngati tiyi wothira mkaka, injini ili bwino. Apo yang'anani tizitsulo tokha: ngati m'mbali mwake mukadali mwakuthwa, pulagiyo ikadali ndi moyo ndipo kuitaya ndi kusakaza chuma, komwe chipembedzo chathu chimaletsa. Ngati tabuntha ndipo mpata wakula, nthawi yake yakwana ngakhale galimoto ikuyenda bwino.

Nsonga ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo akulowa wambiri kuposa mpweya. Kuno kunyanja kawirikawiri chifukwa chake ndi sefa ya mpweya yodzaza fumbi ndi mchenga wa m'misewu yathu ya kumidzi. Zimathekanso chifukwa cha maulendo afupiafupi okhaokha, pakuti nsonga ya pulagi imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 500 kuti iwotche yokha mwaye wake. Nsonga ikakhala yonyowa ndi oyilo wakuda, vuto ndi lalikulupo: oyilo akudutsa pa maring'i a pisitoni kapena pa mavavu. Pamenepa pulagi yatsopano ingokuthandizani masabata ochepa, kenaka nayonso idzada. Nsonga ikakhala yoyera mbuu, yamatuza kapena yosungunuka, injini ikutentha mopitirira muyeso kapena mwaika pulagi yosayenera, ndipo mukazengereza pisitoni ikhoza kubooka. Pomaliza, ngati mbali yoyera ija yonga mbale yadothi yang'aluka, pulagiyo yatha ntchito basi.

Yalani mapulagi motsatira masilinda omwe mwawachotsa. Ngati onse akufanana, vuto ndi la injini yonse. Ngati imodzi yokha ndiyo yasiyana ndi anzake, vuto lili pa silinda imeneyo.

PAMADZI PALIBE POKANKHA

Ambiri mwa awerengi athu alibe galimoto koma ali ndi boti la injini, njinga yamoto kapena jenereta. Zonsezi, ngati ndi za petulo, zimadalira pulagi. Ndipo kwa asodzi nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Galimoto ikazima mumatsika n'kuikankhira pambali. Injini ikazima pakati pa nyanja usiku, mwera wa mwezi wa Juni kapena Julayi utayamba, palibe potsikira.

Injini zambiri za maboti a usipa ndi utaka, monga Yamaha Enduro, ndi za mtundu womwe oyilo amathiridwa m'petulo. Mu injini zotere pulagi imathetheka nthawi iliyonse injini ikazungulira, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya galimoto, ndipo imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo. N'chifukwa chake imada msanga. Pamadzi sitiwerenga makilomita koma maola: mapulagi aonedwe pakatha maola 100 aliwonse, ndipo ngakhale boti silinayende kwambiri, chaka chisathe osawaona. Boti lopita kukagwira ntchito usiku uliwonse limakwanitsa maola amenewa m'masabata ochepa.

Samalaninso muyeso wa oyilo. Ngati buku la injini yanu likuti 50:1, ndiye kuti pa malita 25 a petulo muthire theka la lita la oyilo. Kuthira wambiri poganiza kuti mukuteteza injini kumadetsa pulagi, ndipo kuthira wochepa kumapha injini. Musagwiritse ntchito oyilo wa galimoto. Ndipo inu eni maboti, musalole ana a eni ake kupita pamadzi popanda mapulagi apadera ndi sipanala yake, zosungidwa m'kachitini kotseka bwino kuti zisachite dzimbiri. Anyamata aja ali ndi makolo awo, ena ali ndi akazi ndi ana, ndipo inu mudzafunsidwa za iwo.

POGULA NDI POMANGA

Pulagi iliyonse ili ndi nambala pambali pake. Nambalayo imanena za kutalika ndi kunenepa kwa mazinga komanso za m'mene pulagiyo imatayira kutentha. Gulani ya nambala yomwe injini yanu imafuna, osati iliyonse yomwe yakwana pa chibowo. Yaitali kwambiri ikhoza kugunda pisitoni. Dziwaninso kuti manambala a makampani safanana: pa NGK ndi Denso nambala ikamakwera ndiye kuti pulagiyo imataya kutentha msanga, pamene pa Bosch zili mosemphana. Wogulitsa wodziwa ntchito yake amakhala ndi buku lofananitsira.

Chenjerani ndi mapulagi achinyengo, omwe amabwera m'timabokosi tokongola tolembedwa maina odziwika. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukaona pulagi ya iridium ikugulitsidwa pa mtengo wa pulagi wamba, kayikirani. Achinyengowa amatha msanga, ndipo nsonga yake ikathothokera m'silinda imawononga injini. Chimodzimodzinso petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu: ngati wasakanizidwa ndi palafini kapena madzi, mapulagi atsopano amada m'masiku ochepa.

Sinthani onse nthawi imodzi, osati imodziimodzi. Dikirani injini izizire, chifukwa mitu ya mainjini ambiri ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa chomwe mazinga ake amaphweka msanga chikatentha. Musanamasule, chotsani mchenga wozungulira pulagi kuti usagwere m'silinda. Ngati galimoto yanu ndi ya mawaya, chotsani waya umodzi, sinthani pulagi yake, bwezeranipo, kenaka pitani pa wina, kuopa kusokoneza. Pulagi yatsopano muyambe kuimanga ndi dzanja. Ikalimba isanalowe bwino, musakakamize, itulutseni muyambirenso. Ikafika pansi ndi dzanja, pulagi yatsopano ya washala ya mazinga a mamilimita 14 imangofuna kuizungulitsa ndi sipanala pafupifupi theka la mzungulo. Kumangitsa kwambiri kumathyola pulagi kapena kuphwetsa mazinga, ndipo imeneyo ikhoza kukhala ntchito yochotsa mutu wonse wa injini.

Kale abambo athu ankapala mapulagi ndi sandipepa kapena bulashi yawaya n'kuwabwezera. Pa pulagi wamba yongoda ndi mwaye, njira imeneyi ikhoza kukufikitsani kunyumba. Koma siibwezera chitsulo chomwe chaperepeseka, ndipo pa iridium kapena platinum imangowononga kansonga kowonda kaja.

Kwa abale athu amakaniko tikuti: riziki la halali lili ndi madalitso. Kutsuka mapulagi akale n'kulipiritsa mtengo wa atsopano ndi chinyengo, ngakhale mwini galimoto asadziwe. Ndipo kwa eni galimoto tikuti palibe cholakwika kupempha kuti akupatseni akale omwe achotsa. Amakaniko okhulupirika sakhumudwa nazo. Amakuonetsani okha n'kukufotokozerani zomwe awerengapo.

AMANA YA PA CHIWONGOLERO

Amayi a pakhomo, nkhaniyi ndi yanunso. Inu ndi amene mumayamba kuzindikira kuti ndalama ya petulo yayamba kudya ya ndiwo, ndipo inu ndi ana ndi amene mumagona panjira galimoto ikafa. Mukamva bambo akulimbana ndi sitata m'mawa uliwonse, akumbutseni mwaulemu za kakope kaja. M'midzi yathu galimoto imodzi imakhala ya mudzi wonse. Ndiyo imanyamula mayi woyembekezera pakati pa usiku, mwana wokomoka ndi malungo, ndiponso jeneza. Amene Allah wamupatsa galimoto kapena boti wamusungitsa amana, ndipo mbali ina ya amanayo ndi kuonetsetsa kuti chinthucho chilira pa nthawi yomwe anthu achifuna.

Mapulagi wamba anayi omwe anatiimika pa Chowe mtengo wake sunkafika n'komwe pa wa thanki imodzi ya petulo. Tinawasunga m'kabati, ndipo mu kakope ka m'galimoto tsamba loyamba tinalembapo tsiku lomwe amalume anaikidwa m'manda, pamodzi ndi makilomita a tsikulo. Ramadhan ndi Eid zisanafike, pamene maulendo amachuluka, tsegulani boneti muone anu.

Allah awakhululukire amalume athu ndi onse amene anatsogola, ndipo atisunge tonse pa maulendo athu a pamtunda ndi a pamadzi. Ameen.

Wassalamu alaikum.